Ndege Imene Ndinaikwirira ndi Penti ya Bwato

Abale anga, amuna anzanga, ndi inu amayi mwakhala kumbuyoko, zikomo pondipatsa mpata. Ndaona ena maso ali pa katoni imene ndaika patebulopa. Dekhani. Mulibe nkhunda, mulibenso botolo. Nditsegula ndikamaliza, chifukwa ndikatsegula pano palibe amene andimvere.

Dzina langa ndi Layisoni, koma mukakafunsa Layisoni kudoko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, angokuyang'anani kukamwa. Mukafunse Penta. Zaka khumi ndi zinayi ndinkapaka mabwato ndi kulemba maina ake. Maina aja mumawawerenga pamabwato opita kuchilumba cha Chisi, Zonse ndi Nthawi, Musandiwerengere, Odala Ofatsa, ambiri mwa iwo ndi dzanja ili. Rula sindinkaidziwa, chingwe sindinkachifuna. Ndinkangoima m'madzi ofika m'mawondo, bulashi m'manja, n'kukoka mzere wofiira kuchokera kumutu kwa bwato mpaka kumbuyo osapumira. Ndinkanyada nalo dzanjali, sindibisa.

Inu a kunyanja mwambo wathu mukuudziwa. Bwato likapakidwa, mwini wake salola penta kupita kukhosi kuli gwaa. Amati, "Tsukani kukhosi, mwameza fungo la penti." Kabotolo kamodzi ka kachasu, basi. Koma nyengo ya matemba ndinkapaka mabwato atatu pa sabata, ndiye werengani nokha. Kenaka nyanja inauma, chaka chija anthu ankapita ku Chisi pa njinga, mabwato ali gone pamatope ong'ambika. Ntchito inatha, ludzu silinathe. Kale ndinkamwa ndikamaliza ntchito, tsopano ndinayamba kumwa podikira ntchito.

Madzi atabwerera, mwini bwato wina anandiitana kuti ndimulembere dzina. Ndinagwira bulashi dzanja likunjenjemera ngati la munthu wa malungo. Zilembo zinatuluka ngati pamene nkhuku yapalasa. Doko lonse linaseka. Mwini bwato anatenga chiguduli n'kufufuta ine ndikuona, n'kuitanitsa munthu wa ku Zomba amene amalemba ndi mapepala oboola.

Kunyumba nako zinali zitavunda. Ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga, amake Tadala, ku Kuntumanji. Ndinagulitsa mabulashi anga. Ndinagulitsa mbewu ya mpunga imene mkazi wanga anasunga mumtsuko, n'kunamizira makoswe. Bodza linandilowa mpaka ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, amake Tadala ankayamba atuluka kukaona. Tsiku lina ndinapeza chikwama changa chili pansi pa mtengo wa mango, amalume awo ataima pambali. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Achimwene, njira mukuidziwa." Ndinakakhala kudoko, kumagona pansi pa bwato lovundikira limene ndinalipaka ndekha masiku abwino.

Njala ndi imene inandifikitsa kwa a Muhiwa. Ndinamva kuti kufupi ndi sikimu ya Likangala kuli bambo wina wachikulire amene akufuna munthu woinga mbalame pamunda wa mpunga. Munali mu Meyi. Ndinapeza bambo wamfupi, woonda, shati atailowetsa m'thalauza ngakhale anali akuchokera kumunda. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki. Iwowo anagwira ntchito ya ukhukhi zaka zambiri ku Zomba, kwa mzungu wina mphunzitsi amene ankakonda kumanga tindege ta pulasitiki. A Muhiwa ankapukuta fumbi patebulo lake n'kumaba ndi maso. Mzungu uja pobwerera kwawo anawasiyira makatoni asanu osatsegula. Atatha amenewo, mwana wawo wamkazi amene ali ku Joni anayamba kuwatumizira katoni imodzi pa chaka, pamodzi ndi timabotolo ta penti, kudzera kwa anthu a mabasi.

Anandilowetsa m'nyumba kuti ndimwe madzi. Nditakweza maso kudenga, madzi aja ndinawaiwala. Tindege topitirira makumi awiri tinali lende pa ulusi wa mbedza, tikutembenuka pang'onopang'ono ndi kamphepo kolowera pawindo. Tonse tinali ta nkhondo yachiwiri ija ya dziko lonse, ndege zimene zinkanyamuka pamwamba pa sitima zapamadzi. Kalikonse kutalika kwake ngati chikhatho changachi. Kena mapiko ake opindira m'mwamba, ati kuti zikwane zambiri m'mimba mwa sitima. Kena kali ndi mbedza kumchira yokolera waya potera, popeza bwalo la pasitima n'lalifupi. Ukasuzumira pakagalasi umaona kampando ka woyendetsa, timalamba take, ndi timawotchi tating'ono ngati njere za mawere. Koma chimene chinandigwira ine penta ndi penti yake. Inali yopyapyala moti timizere tonse ta polumikizira malata, ndi timitu ta misomali, tinkaoneka bwinobwino pansi pake. Zaka khumi ndi zinayi za bulashi, ndinali ndisanaonepo dzanja lotere. Ndinachita nsanje, ndinachitanso ulemu.

Maina achizungu anali pamakatoni, koma a Muhiwa ankaitana tindege tawo ndi maina a mbalame za ku Chilwa. Uyu Kakowa, uyo Nkhwazi. Akazi awo, mayi Muhiwa, ankangoti "nkhuku za abambo anu zosaikira mazira".

"Mukuona pamsana pakuda, pamimba poyera?" anandifunsa a Muhiwa, akuloza kamodzi. "Inu wa kunyanja, n'chiyani chimenecho?"

"Mlamba," ndinatero.

"Eyaa! Mdani akakhala pamwamba akuona madzi, akakhala pansi akuona mtambo. Azungu nzeru imeneyi anakaba kwa mlamba." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anapendeketsa mutu n'kundiyang'anitsitsa. "Kodi inu si a Penta? Bwato lija la Odala Ofatsa munalemba ndinu? Ndinakwera limene lija popita kumaliro ku Chisi. Ulendo wonse maso anga anali pa mzere wofiira uja. Dzanja limene lija lili kuti?"

Ndinabisa manja kumbuyo.

Ndiye anandiuza za maso awo. "Akutsekeka, a Penta. Kuchipatala ati si ng'ala yoti angachotse, ndi matenda ena odya kuchokera m'mbali. Panopa ndikuona ngati munthu wosuzumira m'bango. Ati mwina mvula yoyamba ndiiona, mwina ayi." Anawerama n'kukoka katoni pansi pa bedi. Pachithunzi panali ndege yotera pamadzi, ya timabwato tiwiri kumapazi. Ati sitima inkaiponya m'mwamba kuti ikazonde adani, ndiponso kukatola anthu ogwera m'nyanja. "Uyu ndi Tsekwe, wanga wotsiriza. Ndamupempha mwana wanga zaka zitatu. Kumata ndimata ndekha, zala zimaona. Koma penti imafuna maso. Ndikufuna ndimuone atavala, bango lisanatsekeke."

Mvetsani pamenepo, abale. Bambo uja sanandipemphe kuti ndisiye mowa. Anandipempha kuti ndimupakire ndege mvula isanagwe.

Koma anali ndi lamulo limodzi. M'mawa uliwonse ndikafika, ankatenga kachitsekero ka botolo, n'kukadzaza madzi mpaka pakamwa, n'kukaika pamwamba pa dzanja langa nditaliwongola. "Werengani mpaka twente." Ndikamaliza ankachotsa kachitsekero n'kukhudza ndi chala. Pakanyowa ankangoti, "Lero sandipepa." Kutanthauza kuti bulashi sindiigwira, ntchito yanga ndi kupala tizidutswa ta ndege ndi pepala lokhakhala lija basi.

Ndinapala, abale. Mbalame zitatha pamunda ndinapitiriza kupala. Ndipo kupala kuja ndi kumene kunandipatsa mpata woonerera mmene munthu amagwirira ntchito. A Muhiwa ankadula kachidutswa kalikonse pachimango chake ndi lezala, osathyola ndi manja. Ankayamba ayesa kaye popanda guluu, kawiri, katatu. Guluu ankamutenga ndi nsonga ya munga wa mthethe, kadontho kamodzi, n'kugwira tizidutswa tiwirito mpaka atamaliza kuimba vesi yonse ya nyimbo ya kutchalitchi. Imeneyo ndiye inali wotchi yawo. Kamtengo kamodzi kogwira bwato la kuphazi kanawadyera m'mawa wonse, iwo osadandaula. Mayi Muhiwa ankakuwa ali panja, "Mpunga uli pamkeka nkhuku zenizeni zikudya, inu muli pa nkhuku zabodza!" Iwo ankayankha, "Amayi, zanga sizinadyepo mpunga wa munthu." Munthu woona kudzera m'bango, koma sanamatepo chinthu chokhota.

Masabata asanu ndi limodzi anatha, tsiku lililonse sandipepa. Chifukwa chake mukuchidziwa. M'mawa ndinali kwa a Muhiwa, masana ndinali kwa amayi ophika kachasu. Ndipo m'malo mochita manyazi ndinayamba kuipidwa. Mumtima ndinkati ine penta weniweni wa doko lonse, khukhi azindiyesa ndi kachitsekero?

Mu Julaye a Muhiwa anapita ku Zomba kukaonetsanso maso, ati akagona kwa achibale masiku awiri. Tsekwe anali atatha kumatidwa, ali patebulo ndi khungu lake la pulasitiki lotuwa. Anandisiyira ntchito imodzi: ndimutsuke ndi sopo kuti mafuta a m'manja achoke, ndimusiye aume. Mayi Muhiwa ananyamuka ulendo wa kuchigayo. Ndinatsala ndekha.

Pali nzeru ina imene amaidziwa ndi ife okha omwa, yoti kapu imodzi imakhazika dzanja. Ndikuona ena mukugwedeza mutu. Ndinakamwa ziwiri. Pobwera ndinadziika ndekha kachitsekero, ndinawerenga mpaka twente, madzi osatayika. Ndinati basi ndakhoza mayeso. Ndinatsegula timabotolo tawo ta penti, n'kupeza mitundu yozimiririka, yotuwa, ina yakuda ngati matope, ndipo yamadzimadzi. Ndinati umenewu ndiye umphawi. Kwathu kudoko penti yochuluka ndiye ulemu. Bwato lopakidwa mopyapyala limamwa madzi, ndipo mwini wake amati penta waba penti. M'chikwama changa munali timatini tiwiri ta penti ya mafuta timene ndinalephera kugulitsa chifukwa tinali titatsala pansi penipeni, ya buluu ndi yofiira. Ndinati lero bamboyu aone chimene chimatchedwa kupaka.

Ndinamupaka Tsekwe yense buluu wowala, pamsana ndi pamimba pomwe, kamodzi, mothithikiza ngati bwato latsopano. M'mbali ndinakoka mzere wofiira uja anauyamikira. Nditaima patali, ndege inkanyezimira ndithu. Chinali chikomekome cha nkhuyu. Posakhalitsa penti inayamba kuyenderera, kudontha kunsonga za mapiko, kukwera pakagalasi. Ndinayesa kupukuta ndi kansalu, ulusi wa nsalu n'kumatirira. Mowa unayamba kutuluka m'thupi, dzanja n'kuyambiranso kuvina. Ndinayang'ana uku ndi uku. Pashelefu panali botolo la sipiriti uja wa mtundu wa papo, amene a Muhiwa ankatsukira mabulashi.

Ndinamwa. Ndikunena poyera kuti amene anafikapo pamenepo adziwe kuti sali yekha. Ndinamwa pafupifupi theka la botolo.

Mayi Muhiwa anandipeza cha m'ma fili koloko masana kuseri kwa khitchini, ndikusanza, sindikudziwa dzina langa. Anaitana anthu, n'kundikwezetsa pa njinga kupita kuchipatala chaching'ono. Masiku awiri m'maso mwanga munali nkhungu yokhayokha. Adokotala anati, "Bambo, ena amene amamwa zimenezi saonanso." Tsiku lachitatu nkhungu inayamba kuyera.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinapita kukatenga chikwama changa. Ndinkafuna ndizembere kuseri, ndinyamule, ndibwerere kubwato langa lovundikira. Koma a Muhiwa anali pakhonde, Tsekwe ali pamiyendo pawo. Anandidziwira kumapazi.

"Moseliwa, a Penta," anandilonjera m'chilomwe chawo, ngati m'mawa wina uliwonse. "Khalani apa."

Ndinakhala pansi padothi. Iwo anaika chala kunsonga ya phiko n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono mpaka pathupi. Anabwerezanso. Chala chinkangotsetsereka osagunda kanthu.

"Apa panali mizere isanu ndi iwiri," anatero. "Ndinaiwerenga ndisanapite. Apa panali kachitseko kothirira mafuta. Apa timisomali." Anachotsa chala. "Mwamukwirira wamoyo."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya ndi mpini. Ndipo taonani mmene bodza limakhalira, linatuluka lokha ndisanaliitane. Ndinati, "Bambo, katini kanagwa, ndiye…"

"Katini kanagwa n'kujambula mzere wofiira?" Amenewo anali mayi Muhiwa, ali m'nyumba.

A Muhiwa sanaseke. Anabweretsa ndege ija pafupi ndi diso lakumanja, n'kumayendetsa mutu kufunafuna pamene bango lawo lingagwire. Anayang'ana nthawi yaitali. "Mzerewu ndi wokhota," anatero. "Koma poyambira pake, kutalika ngati chikhadabo, pawongoka. Dzanja lija likadalimo." Anaika ndege pamiyendo. "Amayi akuti munamwa sipiriti wanga."

"Eya, bambo."

"Maso anatani?"

"Anachita nkhungu. Koma abwerera."

"Abwerera," anatero, ngati akulawa mawuwo. "Ine ndapita ku Zomba kukapempha kuti anga achedweko pang'ono, andiuza kuti sizingatheke. Inu anu mwawataya dala, abwerera okha." Misozi inayamba kutsika m'maso omwe aja anali kutsekeka. "Mukanandipatsa ine, a Penta, ngati simukuwafuna."

Abale, abusa anandilalikirapo. Ankhoswe anandikhazikapo pansi. Doko lonse linandisekapo. Zonsezo zinkangodutsa. Koma mawu awa anandithyola pakati. Ndinalira mokweza, munthu wamkulu, mpaka amayi opita kumjigo anaima panjira. Nditatopa ndinafunsa kuti, "Ndiye titani, bambo?"

"Penti imachoka," anatero. "Kungoti imachoka mochedwa kuposa mmene imapakidwira. Mawa mubwere ndi mafuta a buleki, mukapemphe kwa okonza njinga zamoto. Ndi mswachi wakale. Kachitsekero mukapeza kakukudikirani."

Mayi Muhiwa anatulukira pakhomo manja ali m'chiuno. "Mukumubwezanso ameneyu?"

"Amayi, penta wina muli naye?"

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, poti kulira kokha sikuchotsa penti. Tsiku lomwelo ndinabwerera kuchipatala n'kukawauza adokotala zoona zake, kuchuluka kwa zimene ndinkamwa pa tsiku, osachotsera. Anandipatsa mankhwala n'kundichenjeza kuti masiku oyamba ndi oopsa, ndisakhale ndekha. Ndikukupemphani, amene mwamwa zaka zambiri, musasiye mobisala kumunda, thupi limatha kukugwetsani. Ine mayi Muhiwa, omwe aja ankandikana, anandiyalira mkeka m'khitchini mwawo. Sabata yoyamba ndinkatuluka thukuta ngati ndikulima, dzanja likunjenjemera kuposa kale. Ankandipatsa phala m'mawa n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza, uku akundinena. Ndinasiyanso njira yachidule yodutsa kwa amayi a kachasu, n'kumazungulira mumgula wa sikimu, ngakhale ndi kutali kawiri. Ndipo Lachitatu lililonse ndinayamba kubwera pano pagulu lathu la ofuna kusiya mowa, kumakhala pabenchi yakumapeto ija, osalankhula.

Masana ndi amene anali mdani wanga, ndiye masana ndinawapereka kwa Tsekwe. Tinkamunyika m'mafuta a buleki, penti ikafewa ine n'kumakwecha ndi mswachi pang'onopang'ono. Kupaka kunanditengera ola limodzi, kuchotsa kunatenga masabata atatu. M'timizere penti inakanirira, ndinkaitokosa ndi munga, mzere umodzi umodzi. Timitengo tiwiri ta kumapazi tinathyoka, a Muhiwa n'kutimatanso ndi zala zawo zoona zija. Kagalasi kanachita khungu, ndinakapukuta ndi mankhwala otsukira mano masiku anayi mpaka kanayamba kuonetsanso kampando m'kati.

Kamodzi ndinagwa. Mu Sepitembala ndinapita kudoko kumaliro a mnzanga, anzanga akale n'kundigwira pamkono. M'mawa mwake a Muhiwa akudzaza kachitsekero ndinati, "Bambo, musavutike. Dzulo ndinamwa." Aka kanali koyamba pa zaka zambiri kunena zoona ndisanagwidwe. Anakhuthula madzi aja pansi n'kunena kuti, "Lero sandipepa." Kuchokera tsiku limenelo sindinalawenso.

Koma dzanja silimva kulapa, limabwera pa nthawi yake. Dontho linkagwabe, ndikafika pa teni, kenaka pa fifitini. Ndipo bango la a Muhiwa linkacheperachepera. Anayamba kugunda mpando m'nyumba mwawo momwe. M'mawa wina mu Okutobala ndinawapeza atakhala pabedi, dzuwa litalowa kale pawindo mpaka pamapazi awo. Anamva kuti ndalowa n'kufunsa kuti, "A Penta, kodi kwacha?"

Ndinaima pakhomo n'kudziwa kuti bango lija latsekeka. Ndikanadikira monga anandiuzira, ndikanasiya mowa mu Meyi muja, akanamuona Tsekwe wawo atavala. Miyezi imene ndinaitaya ine inali yawo yomaliza yoona. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo palibe umboni umene ungazifufute. Madzi akatayika saoleka.

Ndinati, "Bambo, tingosiya."

"Tisiye chifukwa chiyani? Tsekwe akhale maliseche chifukwa ine sindikuona? Bweretsani dzanja."

Anapapasa kachitsekero, anadzaza, anandiika. Ndinawerenga mpaka twente misozi ikutsika. Anakhudza ndi chala, anakhudzanso. "Pouma," anatero. "Tengani bulashi."

Anandiphunzitsa kupaka ali mumdima. Penti yawo ija timaisungunula mpaka ikhale ngati mkaka. Ukapaka koyamba umachita manyazi, pulasitiki imaonekerabe, umati palibe chimene ndachita. Dzanja la kudoko limafuna kuthira ina pomwepo. Iwo ankamva bulashi ikabwerera m'botolo msanga. "Ikani pansi. Mawa." Mawa lake ulendo wachiwiri, mkuja wachitatu. Tinayamba ndi pamimba, poyera, kenaka pamsana. Tizizindikiro ta pamapiko timabwera papepala, timatinyika m'madzi mpaka titerereke, n'kutikankhira pamalo pake ndi bulashi yonyowa, osapuma mwamphamvu. Chomaliza chinali timizere ta pakagalasi, topyapyala ngati ulusi, ndi bulashi imene anaimeta n'kutsala titsitsi towerengeka. Ndinakoka timizere khumi ndi tiwiri. Kuyambira tsiku limene ndinagwira bulashi koyamba, palibe ntchito imene ndinaigwira ndi mantha ndi chimwemwe ngati imeneyo.

Pano ndabwerera kudoko. Mabwato ndimapaka mothithikiza ndithu, poti bwato limafuna choncho. Mwini wake akati tsukani kukhosi, ndimati ndigulireni tiyi ndi mbatata. Poyamba ankaseka, pano anazolowera. Za amake Tadala, ankhoswe akukambirana, ndipo mwezi watha anandilola kukalima nawo munda. Sindilonjeza zimene si zanga.

Tsekwe tinamumaliza sabata imene mvula yoyamba inagwa. A Muhiwa anaitanitsa madzi ndi sopo, anasamba m'manja, anapukuta bwinobwino, n'kutambasula zikhatho. Ndinawaika ndege. Anapeza nsonga ya phiko n'kuyamba kuyendetsa chala. "Umodzi. Iwiri. Itatu." Anawerenga mpaka isanu ndi iwiri. Anapeza kachitseko ka mafuta. Anapeza timisomali. Pakagalasi anayendetsa chikhadabo mopepuka, kamzere kalikonse kuchokera poyambira mpaka pothera, n'kugwedeza mutu.

"Wapuma tsopano," anatero. "Nanga pamsana?"

"Pakuda, bambo, ngati madzi a m'udzu wa njedza."

"Pamimba?"

"Payera ngati pa mlamba."

Mayi Muhiwa anaimirira pamkeka, akupukuta manja pachitenje. "Tabweretsani kuno ndione ine, ndikuuzeni ngati n'zoona."

A Muhiwa anaphimba ndege ndi dzanja. "Ayi, amayi, khalani pansi. A Penta anena."

Abale, ine amene mkazi wanga ankatuluka panja kukaona ngati mvula ikugwadi, munthu wosaona anatenga mawu anga osafuna mboni. Mulungu amene anandibwezera maso ndisanawapemphe, n'kundipatsanso bambo ameneyu, alemekezeke.

Andibwereka Tsekwe lero lokha, ati ndikamubweze dzuwa lisanapendeke chifukwa malo ake kudenga ali pululu. Nditsegula katoni tsopano. Bwerani awiriawiri, manja kumbuyo. Muyambe kuyang'ana pamimba, muone ngati ndinanama.